Mbewu Sigona kwa Mwini Wake

Kwathu ku Katuli, m'kamudzi ka mabanja ochepa amene anachokera kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo, munthu sankasunga yekha mbewu yake ya mapira. Chimanga, nandolo ndi mtedza aliyense ankasunga mmene wafunira. Koma mapira ofiira aja, a mapesi aatali kuposa denga la nyumba, amene akuluakulu ankawatcha mapemba, mbewu yake inkagona kwa mnzako.

Zinkayenda chonchi. Masika akamatha, chimanga chili kale m'nkhokwe, mapira ndiwo ankatsalira m'munda. Mayi wa pakhomo ankayenda m'mundamo masiku angapo asanayambe kudula, akusankha ngala zikuluzikulu zimene mbalame sizinajompheko, n'kumazimanga kaluzi pakhosi. Ngala zimenezo zinkadulidwa pomalizira n'kumangidwa mtolo umodzi. Minda yonse ikatha, anthu ankapangana tsiku limodzi, chisanu chenicheni chisanalowe, ndipo tinkangolitcha tsiku lokasiya. Banja lililonse linali ndi banja linzake. M'mawa wina ankasenza mtolo wake kupita kwa mnzake, masana mnzakeyo ankabweza ulendo ndi mtolo wake. Wofika ankaima pabwalo n'kunena kuti, "Ndadzasiya." Mwini khomo ankayankha kuti, "Mudzapeza." Mawu ake anali omwewo basi. Kenako mtolowo unkakolekedwa kumapaso a khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uziwufukiza, anankafumbwe asayandikire, ndipo mlendo ankamwa thobwa. Mvula yoyamba ikagunda, mwini mbewu ankapita yekha kukamasula mtolo wake. Wina sankaumasula, ngakhale mwana wobereka wekha.

Ukafunsa chifukwa chake, ankakuuza za moto. Nyumba yathu ya kutsidya itatenthedwa, ine ndili kumsana, mbewu ya bambo inapulumuka chifukwa inali m'khitchini ya kumapeto kwa mudzi, kumene motowo sunafike. Chifukwa china sankachitchula, koma aliyense ankachidziwa. Munthu amene akukusungira mbewu sungakangane naye mpaka kalekale. Tukwananani mmene mungathere m'chilimwe, koma mitambo ikayamba kuda uyenera kukaima pabwalo pake.

Khitchini imene inapulumutsa mbewu yathu inali ya mayi wina amene ine ndinakula ndikumutcha azakhali, ngakhale sanali alongo awo a bambo. Iwo ndi amayi anga anawoloka malire limodzi, wina atasenza mapira, wina atabereka ine, akusinthana. Atafika kuno anamanga moyang'anizana, ife tsidya lino la dambo, iwo tsidya linalo, moti utsi wa pakhomo pawo tinkauona tili pakhonde. Anali aafupi, otsimphina mwendo wamanzere, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Chimene aganiza ndi chimene anena, kaya pali alendo kaya pali apongozi. Amayi anga anali ofatsa mpaka kukwiyitsa, oti nkhuku ikawadyera mphale ankaipepesa poithamangitsa. Anthu ankadabwa kuti awiriwa amamvana bwanji. Koma bambo atamwalira, amene anagona kwathu mwezi wathunthu anali azakhali, akukalipira amayi kuti adye.

Ine ndinakwatiwa kunyanja, ku Nkope, kwa mwamuna wa bwato ndi ukonde wa chilimira. Ntchito yanga inali pathandala: kuyanika usipa, kuutembenuza, kuulongedza m'matumba. Ana anzanga obadwa nawo anamwazikana, wina ku Joni, wina ku Lilongwe, choncho amene ankakwera phiri chaka ndi chaka kukathandiza amayi kukolola ndinali ine. Ulendo wake unali wa tsiku lathunthu, minibasi mpaka ku boma, kenako lole, kenako njinga yamoto yokugwedeza mpaka chiwindi. Ndinkafika ndi kathumba ka usipa ndi sopo, ndipo ndivomere, ndinkafikanso ndi kamatama. Ndinkadziona ngati mzati wa nyumba ija.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditakhala pabanja zaka zingapo popanda mwana. Mimba ziwiri zinali zitapita padera. Nkhaniyi sindinkaikamba ndi munthu, ndipo amene waiyandikira ndinkamuluma.

Tinali m'munda mwa azakhali, amayi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pamzere, tikuweramitsa mapesi n'kumadula ngala ndi timipeni. Amene sanaduleko mapira sadziwa kuyabwa kwake. Fumbi lake limalowa m'khosi, m'khwapa, paliponse, ndiye anthu amadzisangalatsa ndi nthabwala. Anayamba kundiseka kuti manja anga afewa ndi madzi a kunyanja, ine n'kumabweza kuti awo auma ngati makoko a nandolo. Zinali bwinobwino. Kenako azakhali anaima, napukuta thukuta ndi nsonga ya mpango, n'kundiyang'ana kumsana.

"Iwe mwanawe, zaka zonsezi kumbuyoku kulibe kanthu," anatero. "Usadikire kuti mwamuna akakupezere mnzako mobisa. Kamusankhire wekha, wa khalidwe loti mungamvane. Ine ndinatero, kodi ndinafa?"

Panalibe amene anaseka. Mipeni yokha ndiyo inkamveka. Ndinayang'ana amayi kuti anenepo kanthu, koma iwo anangoweramitsa phesi lina n'kupitiriza kudula. Chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri. Ndinamaliza mzere wanga, ndipo pobwerera kunyumba ndinatsogola ndekha.

Lero ndikudziwa kuti azakhali ankandifunira zabwino m'njira yawo yaukali ija. Tsiku limenelo ndinangomva kuti andivula pagulu. Ndipo ine ndikapsa mtima sindikuwa. Ndimakhala chete n'kumafunafuna pokhomera.

Pokhomera ndinapapeza pakhonde pathu. Mtolo wa amayi unali utamangidwa kale, ukudikira tsiku lokasiya limene linali mkuja. Ulendo umenewo ndinali nditabweretsa ndowa yapulasitiki ya chivindikiro chothina, ndi kapaketi ka mankhwala a anankafumbwe, zoti amayi asungiremo nandolo. Mawa lake amayi anapita ku maliro kumudzi woyandikana nawo. Atangokhota pamtengo wa mango, ndinayala mphasa, ndinamasula mtolo uja, n'kuupuntha ndi chibonga. Ndinapeta, ndinayanika padzuwa mpaka njere ikamalumidwa izilira, ndinasakaniza mankhwala, n'kuthira mu ndowa. Ndinagwira ntchitoyo mwaluso, chifukwa zouma ndi zosauma ndinkazidziwa bwino. Amayi pobwera anapeza ngala zopanda kanthu zili mulu pambali pa mphasa, tiluzi tawo tikadali m'khosi.

Anatola ngala imodzi n'kuitembenuza.

"Wachita chiyani?"

"Ndakusungirani mbewu, amayi. Umu simulowa nankafumbwe, simulowa khoswe, simulowa madzi. Moto ukabuka mungonyamula n'kutuluka nayo. Zosenzetsana mitolo n'zakale."

"Nanga mawa ndikasenza chiyani?"

"Mukapume. Nkhondo inatha."

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anasonkhanitsa ngala zija n'kukaziika kuseri kwa nkhokwe kumene munthu wodutsa sakanaziona, ndipo madzulo amenewo anadya pang'ono.

M'mawa kunazizira, mame ali mbuu m'dambo. Tinawaona azakhali akutsika tsidya lija, mtolo pamutu, akuponda mosamala pamiyala yowolokera chifukwa cha mwendo uja. Anafika pabwalo chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo.

"Ndadzasiya."

"Mudzapeza," anayankha amayi, mawu ali pansi.

Wokoleka mtolo ankakhala wamng'ono wa pakhomopo, ndiye ndinakwera pamtondo n'kuumangirira kuphaso. Unali wolemera, ngala zake zonenepa, womangidwa mfundo zitatu monga ankamangira nthawi zonse. Azakhali anamwa thobwa, nadandaula kuti lachepa chimera monga ankadandaulira chaka chilichonse, amayi n'kumwetulira pang'ono. Ponyamuka anandigwira pamkono.

"Wandikwiyira?"

"Ayi."

"Wakwiya. Palibe kanthu, udzaleka. Masana ubwere ndi amako, ndakuphikira chinangwa chija umachikonda."

Atangowoloka, amayi analowa m'nyumba mmene tinaunjika mapira akudya, n'kuyamba kusankha ngala zooneka bwino. Sizinali za mbewu, zina zinali zojomphedwa ndi mbalame, koma ankafuna kuti pamutu pakhale kanthu. Ndinaima pakhomo n'kuwayang'ana akupota luzi pantchafu. Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni. Kupuntha kuja kukanakonzeka, mawu awa ayi.

"Amayi, mukawoloka dambo limenelo lero, ine ndinyamuka. Ndipo chaka chamawa muitane iwowo adzakukololereni. Munthu wandinyoza pamaso pa anthu, inu osayankha, ndiye lero mukamumwere thobwa? Sankhani."

Anasiya kupota. Anandiyang'ana ngati akufuna kuona ngati ndikunena zoona, ndipo ine ndinaumitsa nkhope mmene ndinkachitira ndi ogula usipa. Anali ndi maso ofooka kale nthawi imeneyo, msana ukuvuta, ana ena ali kutali. Anaika luzi pansi.

Masana amenewo sindidzawaiwala. Dzuwa litapendeka, azakhali anasesa pabwalo pawo, anayala mkeka pansi pa mpapaya, anatulutsa chidebe cha thobwa n'kukhala pansi, atayang'ana kwathu. Zonsezi tinkaziona. M'njira munkadutsa amayi ena ndi mitolo pamutu, akuseka, ena akubwerera manja ali lende. Mmodzi anaima n'kufunsa kuti, "Kodi kuno simunanyamuke?" Ine ndinayankha msanga kuti amayi mutu wawagwira. Atamva bodza limenelo amayi analowa m'khitchini n'kukhala kuseri kwa chitseko, pamene panali kampata koonera tsidya. Ine ndinakhala pakhonde ndikusenda nandolo, dala, kuti azakhali azindiona.

Anakhala pamkekapo mpaka mthunzi wa mpapaya unafika kukhoma. Kawiri anaimirira n'kufika pamphepete pa bwalo, dzanja pamphumi. Nthawi ya swala, pemphero la Chisilamu la madzulo, itakwana anapinda mkeka, ananyamula chidebe chawo n'kulowa. Ndinamva amayi akufwenthera m'khitchini. Ndinadziuza kuti ndi utsi.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Nkope. Ndinkaganiza kuti ndikachoka awiriwo akumana pachitsime, azakhali akalipa, amayi apepesa, nkhani yatha, ine ndapambana pang'ono. Sindinawerengere manyazi a amayi. Tsiku loyamba anayenera kukhala m'nyumba chifukwa cha mutu umene ndinawanamizira. Tsiku lachiwiri anadzifunsa kuti akanena chiyani, popeza kunena zoona kunali kundiyalutsa ine. Pofika sabata anayamba kutunga madzi m'mamawa kwambiri kuti asakumane ndi munthu. Azakhali nawonso anali ndi mtima wawo. Iwo anali atabwera m'mawa, mwendo wodwala, kudutsa m'mame. Sanaone chifukwa chobwereranso.

Kunyanja chaka chimenecho mwera unawomba mwamphamvu. Mabwato ankakhala masiku ali pamchenga, amuna akusoka maukonde, ife tilibe choyanika. Ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza, koma sindinaganize. Ndinkawaimbira amayi pafoni ya mphunzitsi wina wa kumudziko, kuwafunsa za msana, za nkhuku, iwo n'kumati zonse zili bwino. Za azakhali sindinafunse, iwonso sanatchule.

Zoona zake ndinakazimva mvula ili pafupi, nditapita kukathandiza kudzala. Tsidya lija kunalibe utsi. Pabwalo panali patamera udzu.

"Azakhali ali kuti?"

"Anapita kwawo," anatero amayi. "Mwana wawo anadzawatenga."

Mwana wawo wamwamuna anali atabwerera ku Mozambique kalekale, nkhondo itangotha, ndipo chaka chilichonse ankabwera kudzawanyengerera kuti akakhale naye. Chaka chilichonse ankakana. Ankamuuza kuti sangachoke atasenza mbewu ya mwini, ndipo sangaisiye m'nyumba yopanda moto. Chaka chimenecho kumapaso kwawo kunalibe kanthu ka munthu. Anavomera.

"Anatsanzika?"

"Ndinali kumunda wa kumtunda."

"Simunadziwe tsiku?"

"Ndinadziwa."

Ndinatsegula ndowa ija. Kunena zoona ndinkafuna ndipeze nkhungu kapena fumbi la anankafumbwe, kuti pakhale chondilanga, ndilire, amayi andikhululukire. Koma mbewu inali bwinobwino, yofiira, yowuma, ngati ndaithira dzulo. Tinadzala ndipo inamera yonse, phando lililonse. Anthu ankaima m'njira kuyamikira munda wa amayi. Ena anabwera kudzaona ndowayo, akuigogoda, akufunsa kumene ndinagula. Chaka chotsatira mabanja awiri anagula zawo. Sindinganene kuti mwambo uja ndinaupha ndekha, chifukwa achinyamata anali atatopa nawo kale, ndiponso mapira ankachepa chaka ndi chaka. Koma khomo loyamba kusabweza ulendo linali lathu, ndipo zimenezo anthu a kumeneko akuzikumbukira.

Mtolo wa azakhali unatsala kuphaso. Mvula inagunda, inagwa, inatha, mwini wake osabwera. Ndinati tiudzale m'munda mwawo muja kuti mbewu isafe. Amayi anakana. "Ndinati adzapeza," anatero. Udzu wa khitchini unayamba kudontha, ndinapeza munthu woti afolere, amayi anamubweza, chifukwa kufolera kunafuna kuti mtolowo utsike. Ankasonkha moto m'khitchinimo ngakhale tsiku loti aphikira panja, kuti utsi usaleke. Pachitsime anasiya kucheza. Anali ndi anthu owazungulira, koma munthu wowakalipira kuti adye analibenso, ndipo anayamba kuonda. Nkhuyu ndinadya ine, zinapota amayi.

Chaka chachiwiri mwamuna wanga anakwatira mkazi wina ku Nkhudzi. Sanandiuze. Ndinamva pathandala, kwa amayi ogula usipa, mmodzi akuuza mnzake osadziwa kuti mkazi wamkulu ndi amene akuwayezera nsomba. Ndinamaliza kuyeza, ndinamanga thumba, kenako ndinakakhala kuseri kwa bwato lakutha. Ndinalira, koma chodabwitsa n'chakuti nkhope imene inkandibwerera sinali ya mwamuna wanga. Inali ya azakhali, akupukuta thukuta ndi mpango.

Mwezi womwewo ndinakwera phiri n'kuwauza amayi kuti ndikupita kutsidya. Ndinapempha kuti ndinyamule mtolo uja. Anati ayi, mwini wake adzamasula. Choncho ndinapita chimanjamanja, ndi kathumba ka usipa kokha, pa njinga yamoto ya munthu wodziwa njira za kumalire. Mvula inali itayamba. Tinagwa kawiri m'matope, ndipo mtsinje wina tinawoloka titanyamula njingayo.

Ndinawapeza atakhala pakhonde la nyumba ya mwana wawo, miyendo yonse iwiri itatupa. Sankaimanso popanda wowadzutsa. Koma pakamwa panali pomwe paja.

"Wanenepa nkhope, wachepa thupi," anatero nditangogwada. "Akukwatirira mnzako eti?"

"Eya."

"Wosankha ndani?"

"Yekha."

"Hmm." Sanawonjezere. Ndinayamikira mumtima.

Ndinawauza zonse. Ndinawauza za mphasa ndi chibonga, za ndowa, za ngala zimene amayi ankasankha m'nyumba, ndi mawu amene ndinanena ndili pakhomo. Ndinkayembekeza kuti andilalatira mpaka anthu asonkhane. Iwo ankangotola tizinyalala mu usipa uja, mmodzimmodzi.

"Kuti ndi iwe ndinadziwa," anatero. "Amako sangapunthe mbewu chisanu chisanalowe, manja awo sangalole. Ndipo mutu sunawagwirepo chiwolokere malire."

"Ndiye bwanji simunabwere kudzawafunsa?"

"Ndikafunse chiyani? Ine ndinabwera m'mawa. Masana anali awo." Anataya kachinyalala pansi. "Ukuganiza kuti ndinkadikira mapira? Mapira ndinali nawo nkhokwe yodzaza. Akanangobwera ndi manja awo awiri, n'kuima pabwalo, n'kunena kuti mwana wanga wapenga, tikanaseka. Ndinayala mkeka tsiku limene lija, ndi mawa lake, ndi mkuja wake. Iwe unali utapita."

Zimenezo sindinkazidziwa. Amayi sanandiuzepo, koma ayenera kuti ankauona mkekawo pakampata kaja.

"Mtolo wanu ulipo," ndinatero. "Akukana kufolera khitchini."

Apo nkhope yawo inasintha. Anayang'ana kumbali, kumunda wa chinangwa, nthawi yaitali.

"Chitsiru cha munthu," anatero motsitsa. "Adzadwala chibayo chifukwa cha mapira akufa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ine kuyenda ndiye ukuona wekha. Bwera nawo. Uwauze kuti ambusanga, mnzawo uja, akuti dzuwa silinalowe, masana akadalipo. Inshallah andipeza."

Ndinalonjeza kuti mvula ikangotha, njira ikauma, ndibwera nawo. Nditabwerera ku Katuli n'kuwauza amayi mawu amenewo, anandifunsa katatu kuti ndibwereze. Anafunsa ngati akudya, ngati mpongozi wawo akuwasamala, ngati nyumba yake ili ndi khonde la dzuwa. Tsiku lomwelo anatulutsa chitenje chatsopano chimene ndinawagulira kalekale n'kuchiika pamwamba m'sutikesi. Anayamba kudya. Anasunga nkhuku imodzi yoti akapereke.

Mvula inatha. Njira inauma. Ine ndinali ku Nkope, usipa ukugwidwa wambiri, mathandala osakwana, ndiponso sindinkafuna kuchoka pakhomo kuti mkazi mnzanga asapezepo mpata. Ndinati ndipita mwezi ukakhala. Mwezi unakhala, ndinati ndikakolola kaye, ulendo ukhale umodzi. Amayi ankafunsa pafoni ya mphunzitsi ija kuti, "Njira ija sinaume?" ine n'kumati ndikubwera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Uthenga unandipeza pathandala pomwepo, mapira asanadulidwe, kuti azakhali aikidwa dzulo.

Ndinanyamuka m'mawa mwake. Njira yonse ndinkakonza mawu owauzira amayi, koma nditafika ndinapeza amva kale. Anthu a m'mudzimo anali atasonkhana dzulo lake kuchita dua yopempherera malemuwo, n'kubalalika. Amayi anali pakhonde okha, lichero la nandolo pamiyendo, osasenda. Nkhuku ija inali itaphedwa kudyetsa odzapepesa.

Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinapepesa za njira, za usipa, za kuchedwa. Ankangogwedeza mutu ngati zimenezo si zimene zili m'maganizo mwawo. Maso awo anali atayera kwambiri nthawi imeneyo, moti polankhula ankayang'ana pambali pang'ono pa nkhope yanga.

"Ndikufunse chinthu chimodzi," anatero. "Usandinamize."

"Funsani, amayi."

"Tsiku lija. Ndikanawoloka, ukanachokadi? Osabweranso?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanawathandiza. Ndikanati eya, bwenzi akudziwa kuti anataya mnzawo kuti asunge mwana, ndipo munthu akhoza kugona ndi zimenezo. Koma anali atandipempha kuti ndisaname, ndipo ndinali nditawanamiza kokwanira.

"Ayi, amayi. Ndikanapita kuti? Ndikanangotupa masiku awiri."

Dzanja lawo linafufuza m'lichero, linapeza khoko la nandolo, linalisiya.

"Masiku awiri," anatero.

Kenako anandipatsa licherolo, anagwira mzati n'kudzuka okha, osalola kuti ndiwagwire mkono, n'kulowa m'nyumba.